Mwamuna Amene Ankavula Ovololo M'chipinda Mwanga

1

Ndiyambe ndi kuvomera kuti tisavutane kutsogoloku. Inde, kunali mwamuna amene ankalowa m'nyumba mwanga masana amuna anga kulibe. Ankadzera khomo lakuseri, ankavula ovololo m'chipinda changa chogona, ndipo ine ndinkamuchapira ovololoyo ndi manja angawa. Komboni yonse ya Buchi ku Kitwe inamva mbiri yake. Dzina lake tinkati Ackson. Zina za iye muzimva nthawi yake ikakwana, musandifulumize, chifukwa inenso ndinazisunga mpaka banja langa linatsala madzi amodzi.

Ine ndine Febby, amake Judith, wa ku Katete. Amuna anga, a Stanislaus, ankagawa maphukusi panjinga. Tinali titangolandira ufulu, kopa ali pamtengo wabwino, ndipo aliyense wa ndalama ankaitanitsa katundu kutali: nsapato, mawayilesi, mankhwala, zipewa za madona. Lole inkatula zonsezo padepoti ya mzungu wina, Bwana Horace, ndipo amuna a njinga ankazimwaza m'mashopu ndi m'mayadi. Depoti ina ya bwana yemweyo inali ku Ndola.

Bwana Horace anali waulemu pakamwa. Sankati "anyamata anga" ngati azungu ena, ankati "anzanga a bizinesi."

"Inu si antchito anga," ankatero. "Aliyense wa inu ndi bwana payekha. Njinga ndi yanu, miyendo ndi yanu. Ine ndimangokupatsani katundu."

Mabwanawo ankafola pamzere m'mawa ngati ana a sukulu, atavala ovololo yobiriwira ya dzina la Horace kumsana, ndipo wochedwa ankabwezedwa. Tchuthi panalibe, chipatala panalibe, poti bwana sapempha tchuthi kwa bwana mnzake. Mnzawo Patson atagundidwa ndi lole ya kumgodi n'kuthyoka mwendo, Bwana Horace anamutumizira malalanje ndi uthenga wakuti abweze ovololo.

Malalanje amenewo ndiwo anautsa amuna anga. Anafika kunyumba atakwiya kwambiri.

"Amake Judith, tipanga yuniyoni. A kumgodi ali nayo, a njanji ali nayo. Ife tokha ndiye mabwana oyenda ndi zigamba kumbuyo!"

Akuluakulu a mabungwe a antchito ku Ndola anawauza kuti nkhaniyo ingathe kupita kwa lebala ofesa wa boma, koma pokhapokha anjinga a madepoti onse awiri atagwirizana. Panafunika munthu wokanyengerera a ku Ndola mmodzimmodzi, m'misewu momwe ankadutsa ndi m'makomo mwawo ku Kabushi ndi ku Chifubu. Munthuyo anali amuna anga, poti pakamwa anapatsidwa. Vuto linali lakuti njinga yako ikagona, dera lako ankalipereka kwa wina, ndipo kunyumba moto sunkayaka.

Ndinayesa kuponyapo nzeru zanga.

"Nanga bwanji ine nditati..."

"Iwe phika," anatero a Stanislaus, osanditembenukira n'komwe. "Izi ndi za amuna."

Ndinaphika.

2

Alongo anga a Jairus ankagwira ntchito yomweyo, ndipo ndi amene anapeza Ackson. Anauza alamu awo kuti pali munthu wa kwathu ku Katete, wamanyazi, wosayankhulayankhula, amene angathe kupalasa m'malo mwawo n'kumagawana zimene wapeza. Anapangana chonchi: a Stanislaus azifola padepoti monga mwa masiku onse, azitenga maphukusi, azisiya njinga kwa a Jairus ku Kamitondo, azivala jekete n'kuthamangira basi ya ku Ndola. Ackson azibwera pambuyo kudzatenga njingayo, atavala ovololo yakale ya a Stanislaus.

"Koma bwanji sindinamuonepo Acksonyu?" anafunsa amuna anga patapita masiku.

"Amachedwa kudzuka, alamu," anatero a Jairus. "Koma akangokwera njinga, ndi mphepo."

Sananame. Ackson anali wamtali, wochepa thupi, chipewa chotsitsa mpaka m'maso, ndi kansalu komanga kumphuno. Kansaluko sikankadabwitsa munthu, chifukwa anjinga ambiri ankamanga poopa fumbi ndi utsi wa kumgodi uja timati senta, wokereketa pakhosi. Tsiku loyamba anagwera mu ngalande pamodzi ndi bokosi la zipewa za dona wina, ndipo bondo lake ndinalipaka mankhwala ndine. Kuyambira pamenepo sanagwenso. Makasitomala anayamba kumuyamikira, ati uyu saponya phukusi pampanda, saima pabawa, ndipo agalu akamuuwa satukwana eni ake.

Masana akamaliza, ankabweza njinga ku Kamitondo, n'kudzera kanjira ka kuseri kwa zimbudzi, n'kulowa kwanga thukuta lili kamukamu. Judith nthawi imeneyo amakhala akusewera kwa amalume ake akaweruka kusukulu, ndiye m'nyumba simunkakhala maso ena.

Sindinama, masiku amenewo ndinali wokondwa kuposa kale lonse. Ndinali nditakhala mu Kitwe zaka zambiri, koma ndinkadziwa njira zitatu zokha: ya kumpopi, ya kumsika ndi ya kutchalitchi. Ackson anabweretsa tauni yonse m'nyumba mwanga, misewu ya maluwa ofiirira ya ku Parklands, mashopu a magalasi aakulu, chitunda chimene ukatsetsereka njinga imaimba yokha. Ndinayamba kuimba potsuka mbale. Amuna anga anaona kuti nkhope yanga ikuwala, koma anaganiza kuti ndikunyadira yuniyoni.

3

Ackson sankandibisira kanthu. Chimene waona ndi chimene wamva ndinkachidziwa tsiku lomwelo. Umu ndi m'mene ndinadziwira za Harriet.

Ku Nkana West kunali yadi ina ya mitengo ya mapeyala, kumene dona wake ankaitanitsa katundu sabata ndi sabata. Tsiku lina Ackson ataliza belu, kunatuluka mtsikana wantchito wa epuloni yoyera, milomo yopaka, akuyenda ngati pansi pali mazira. Ataona kuti si amene ankamuyembekezera, nkhope inagwa.

"Ba Stanislaus bali kwi? Masiku yano sibaoneka," anatero m'chiyankhulo chosakaniza cha m'tauni.

Ackson analoza cha ku Ndola ndi mutu.

"Imwe ndimwe mwaiche wawo, mng'ono wawo? Yembekezani."

Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi masikono otentha, okulunga m'nsalu, opaka jamu ya adona.

"Mukabapatse. Mubauze ati Harriet abayewa, abasowa."

Ackson anatsitsa mawu kuseri kwa kansalu. "Nanga akazi awo akaona?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira geti.

"Bakazi bati? Baja ba kumudzi? Awe, bananiuza beka ati ni nkhalamba, mano yonse yanasila, banabasiya ku Katete na nkhuku."

Ine Febby! Ine wa mano onse m'kamwa, amene ndinkachapa mabuluku a munthuyo mpaka zala kusupuka, ndasanduka nkhalamba yoweta nkhuku ku Katete! Masana amenewo ndinakhala pabedi n'kulira, ndipo zinandipweteka kufika mumtima. Misozi itauma ndinafulula tiyi n'kudya masikono onse. Anali okoma, tisamunamizire mtsikanayo, manja anali nawo.

Kuyambira tsiku limenelo, Ackson ankapita ku Nkana West ndi mayankho opeka ine.

"Akuti zikomo, koma muonjezere shuga."

"Akuti mawa mupange aja a zoumba."

Harriet ankapanga mosanyinyirika, ndipo ine ndi Judith tinkadya mosanyinyirikanso. Madzulo ena amuna anga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi amake Judith, ukunenepatu?"

"Ndi chisamaliro chanu, bambo a Judith," ndinatero, n'kuwasekerera kuti aone mano.

4

Moyang'anana ndi nyumba yathu munkakhala alamu anga a Gertrude, mlongo wamkulu wa amuna anga, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu. Maso awo ankaona ngakhale kuseri kwa khoma. M'mawa ankagulitsa tinsomba ta kapenta kumsika, ndiye ankangoona za masana: mwamuna wa chipewa akulowa kuseri kwanga, koma osamuona akutuluka. Iwo anagamula kuti amatulukira pawindo.

Tsiku lina Ackson atangolowa, chitseko chinayamba kugwedezeka.

"Mulamu, tsegulani! Ndamuona ndi maso angawa!"

Ndinachedwa kutsegula. Pamene ndinkatsegula n'kuti ndili m'chitenje chomanga mofulumira, thukuta lili kumaso, ndikupuma mwawefuwefu. A Gertrude anandikankha n'kulowa. Anasuzumira pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, ngakhale mu dilamu ya madzi.

"Mwamubisa kuti?"

"Ndani, alamu?"

"Wa chipewa uja! Mayo ine, m'nyumba ya mlongo wanga, dzuwa likuswa mtengo!"

Sanapeze munthu, ndipo sanaganize zonyamula matiresi. Amene anawanyamula ndi amuna anga madzulo ake, atamva zonse kwa alongo awo asanafike n'komwe pakhomo. Anasolola ovololo yobiriwira, n'kuinunkhiza pakolala.

"Mafuta ako awa."

"Ndi anga."

"Ackson amalowa muno?"

"Amalowa."

"Amavulira muno?"

"Amavulira muno."

Anakhala pabedi, ndipo ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwawo. Chifundo chinandigwira. Ndikanatha kuithetsa nkhaniyo ndi mawu amodzi, ndipo pakamwa ndinali nditatsegula kale. Ndiye iwo anati:

"Ine ndikuvutikira iwe m'misewu ya Ndola, ine amene chikukwatire sindinayang'anepo mkazi wina..."

Pakamwa panga panatsekeka pokha.

Anathamangira ku Kamitondo kukafuna mutu wa Ackson, koma a Jairus anawagwira mwendo. Lachisanu linali tsiku lokaonekera kwa lebala ofesa. Ackson akamenyedwa, maphukusi aima, bwana adziwa, ndipo ntchito yonse ya ku Ndola ipita m'madzi. Amuna anga anabwerera mano ali gwa, n'kundiponyera ovololo ija.

"Kampatse mwamuna wakoyo, apalase mpaka Lachinayi. Loweruka ukwera basi ya ku Katete. Judith atsala ndi azakhali ake."

Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Kwathu mwana ndi wa mayi, koma kutauni mwana ndi wa amene dzina lake lili panyumba ya khonsolo. Ndinayang'ana Judith akugona chala chili m'kamwa, mtima unandiwawa. A Jairus anabwera m'mawa mwake nkhope ili yotuwa, poti ndi amene anabweretsa Ackson m'banja la eni.

"Mlongo, ulula zonse. Tifa nazo izi."

"Ayambe iwo kuulula za Harriet, achimwene."

Kuuma mutu ndinatengera kwa mayi anga.

5

Lachinayi zinthu zinatembenukanso. Dona wina anaimbira foni Bwana Horace kuyamikira mnyamata watsopano amene akupalasa m'malo mwa Stanislaus. Ife tinkayesa kuti bwana akamva alavula moto. Iye anaomba m'manja. Loya wake anali atamuuza kuti wantchito weniweni sangatume munthu wina kukagwira ntchito m'malo mwake. Ngati Stanislaus wakhala akutuma wina popanda womuletsa, ndiye kuti ndi wa bizinesi wodziimira payekha, ndipo mlandu wa yuniyoni wafera pomwepo. Bwanayo analamula a Jairus kuti mawa lake abwere naye Ackson ngati mboni yake.

Amuna anga atamva anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Wandilanda mkazi, tsopano andilande ndi mlandu womwe! Abwere. Ndimuone nkhope chimbalangondo chimenechi." Kenaka ananditembenukira. "Iwe usachoke pano. Uzilongedza."

Lachisanu ofesi ya lebala kuboma inadzaza ndi maovololo obiriwira. A ku Ndola anabwera palole yobwereka. Patson anali kutsogolo ndi ndodo yake. A Gertrude anasiya kapenta wawo, ati akufuna kuona nkhope ya wopasula mabanja. Ofesayo anali mnyamata wa suti yatsopano ndi mandala, ndipo pambali pake panali womasulira wokalamba amene ankamasulira chilichonse, ngakhale chifuwa.

A Stanislaus anayankhula bwino, za mzere wa m'mawa, za ovololo, za mwendo wa Patson. Koma Bwana Horace ataimirira, anayankhula mofatsa ngati m'busa.

"Awa ndi anzanga a bizinesi. Ine sindisankha wokwera njinga. Atume mphwawo, atume msuweni, atume aliyense amene angamufune, ine sizindikhudza. Bambo Stanislaus omwewa akhala akutuma munthu wawo milungu yonseyi. Kodi ndinawaletsa? Munthuyo ali panja, muitaneni."

Anjinga anazolika. Chitseko chinatseguka, ndipo Ackson analowa, chipewa chili m'maso, kansalu kali kumphuno. A Stanislaus anafuna kudzuka, koma anzawo awiri anawagwira jekete.

6

"Mu ofesi ya boma sitivala chipewa," anatero ofesa uja. "Vulani, ndi kansaluko komwe."

Ackson anayang'ana a Jairus, koma iwo maso anali kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Anayang'ana a Stanislaus, nkhonya zili pamawondo. Kenaka anakweza dzanja, ndipo ndinavula chipewacho.

Inde, owerenga. Ackson ndinali ine. Njinga ndinaiphunzira ku Katete ndili mtsikana, ndikunyamula matumba a mtedza panjinga ya bambo anga. Chifuwa ndinkachimanga ndi chitenje, tsitsi ndinkalipanikiza m'chipewa. A Jairus poyamba anakana kwamtuwagalu, koma nditawakumbutsa kuti ndimadziwa kumene amathera Loweruka akanamiza akazi awo kuti ali kukwaya, anaona kuti maganizo anga ndi abwino.

Woyamba kupeza mawu anali a Gertrude. Sanadabwe kuti ndine, anadabwa ndi miyendo.

"Mayo! Mulamu! Mwavala buluku!"

Amuna anga anangoti kukamwa yasa. Koma amene anasintha mtundu anali Bwana Horace. Anafiira kuyambira m'khosi mpaka padazi, ndipo ubusa wonse unathawa. Anakuwa m'Chingerezi, womasulira n'kumatsatira pambuyo mokhulupirika, naye akukweza mawu.

"Mkazi! Mkazi mu ovololo yanga! Dzina langa kumsana kwa mkazi, m'mayadi mwa makasitomala anga! Analola ndani? Palibe amene amakwera njinga pantchito yanga ine ndisanalole! Stanislaus, ntchito yakuthera! Jairus, nawenso yakuthera!"

Loya ankamukoka jekete, koma iye anamukutumula. Ofesa uja anavula mandala n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Pepani bwana, ndimve bwino. Wosankha wokwera njinga ndi ndani?"

"Ine!"

"Ndipo awiriwa mwawachotsa ntchito?"

"Pompano!"

"Zikomo," anatero ofesayo. "Kalaliki, lembani monga momwe anenera."

Pamenepo m'pamene Bwana Horace anamva mawu ake omwe. Anayang'ana loya, loya anayang'ana nsapato zake. Patson anayamba kumenya ndodo pansi, akuseka mpaka kutsokomola, ndipo chipinda chonse chinaphulika. A ku Ndola amene sankandidziwa n'komwe ankafunsana kuti, "Ni bakazi ba ndani aba?"

Pali ena mpaka lero amati ndinakonza dala, ati ndinawerengera zonse. Bodza limenelo. Za malamulo ndinkadziwapo chiyani ine? Ndinapita kumeneko kukachititsa manyazi mwamuna mmodzi yekha, wanga. Winayo anadzipereka yekha.

7

Panja anjinga anandizungulira, wina akuti andinyamule, wina akuti ayi, ndi mkazi wa mwini. A Stanislaus anafika pomalizira, akuyenda ngati munthu wodzuka kumalungo.

"Amake Judith... masiku onsewa unali iwe?"

"Ndine amene, bambo. Nkhalamba ya ku Katete ija, yopanda mano, yoweta nkhuku."

Nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Harriet akuti wakusowani," ndinapitiriza. "Masikono anu ndinkadya ndine. Judith amakonda a zoumba."

A Gertrude, amene anali atakonzeka kundilalikira za buluku, anatembenuka pang'onopang'ono.

"Stanislaus. Harriet ndiye ndani?"

"Achemwali, anali masikono chabe..."

Ambulera ya a Gertrude inawatera paphewa kawiri asanamalize. Ine mpaka lero ndimasankha kukhulupirira kuti analidi masikono chabe, ndipo musandisokoneze.

Anzawo atapatuka mwaulemu kuti azimvera patali, ndinafunsa chimene chinandisowetsa tulo sabata yonseyo.

"Nanga basi ya mawa?"

"Palibe basi."

"Judith?"

"Judith ali ndi amake." Anaweramitsa mutu. "Ndinakulakwira, Febby. Ndinakunenera zoipa kwa mlendo, kenaka ndinakuweruza ngati ndine woyera."

Anali asananditchule dzina langa chibadwire Judith. Ndinamva kutentha m'maso, koma ndinakana kulira nditavala ovololo.

"Inenso ndinakunamizani," ndinatero. "Ndipo nditaona mukulira, ndinakusiyani mulire. Zimenezo ndinalakwa."

Njinga inali imodzi, anthu awiri. Iwo anatambasula dzanja kuti agwire mahandulo, koma ine sindinawasiye.

"Khala pakeliyala, amake Judith."

"Khalani inu. Msewu ndikuudziwa."

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anzawo onse akuyembekeza. Kenaka mtsogoleri wa yuniyoni anakwinya jekete yake ya Lamulungu n'kukhala cham'mbali pakeliyala ngati mkwatibwi. Tinadutsa pakati pa tauni dzuwa lili pamutu, tinalowa mu Buchi belu ndikuliza dala, amayi a kumpopi akusiya ndowa zikusefukira. Pachitunda anandigwira m'chiuno mwamphamvu.

"Pang'onopang'ono, iwe!"

Ndinaonjezera liwiro.

8

Patapita milungu chigamulo chinatuluka. Anjinga a Bwana Horace anali antchito, a Stanislaus ndi a Jairus anabwezeretsedwa, Patson analandira chipukuta misozi cha mwendo wake, ndipo yuniyoni inalembedwa. Kunyumba kwathu kunali phwando, ndipo a Gertrude anavina mpaka duku kugwa.

Pamsonkhano woyamba anakhazikitsa malamulo. Limodzi linati wantchito aliyense azipalasa yekha njinga yake, osatuma wina, kuti bwana asadzapezenso pobisalira. Amene analipereka anali amuna anga. Linali lamulo labwino, ndipo ndikanakhala ndi voti ndikanalivomera. Koma voti ndinalibe. Nditapempha khadi la umembala, abambo onse anaseka mwachikondi, wina anati ndine mayi wa yuniyoni, wina anandipempha kuti ndiwafululire tiyi. Lamulolo analitcha "lamulo la amake Judith," ndipo ankalitchula monyadira, osaona kuti munthu yekhayo amene linamutsitsa panjinga ndi mwini dzinayo.

Banja langa linakhala, Judith anakulira m'manja mwanga, ndipo a Stanislaus sananenenso kuti "iwe phika" mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Zimenezo ndimathokoza Mulungu. Koma ndinabwerera ku njira zanga za kumpopi, ndipo zinandiwawa kuposa mmene ndinkaonetsera.

Tsono inu abambo amene mukuwerenga, amene mumamenya tebulo kuntchito kuti bwana asakuoneni ngati chida, mukafika kunyumba muziyang'anako amene wakutsegulirani chitseko. Mwina akudziwa kupalasa kuposa inu, kungoti simunamufunsepo. Inu amayi, sindikuti muzinamiza amuna anu. Bodza langa linatsala pang'ono kundilanda mwana, ndipo si aliyense amene amapeza mzungu wopsa mtima woti amupulumutse.

Loweruka lotsatira ndinapita kukalapa, a Gertrude atandiperekeza mpaka pakhomo kuti ndisathawe. Bambo mfumu anamvetsera zonse, akutsokomola kawirikawiri m'malo osayenera kutsokomola. Pomaliza anandifunsa ngati ndikumva chisoni.

"Za bodza, kwambiri, Bambo. Za masikono, pang'ono."

"Nanga za njinga, mwana wanga?"

"Bambo, munthu sanama polapa."

Anatsokomolanso, kenaka anandilamula kupemphera kolona yathunthu. Ndinagwada n'kuipemphera yonse, osadumpha mkanda ngakhale umodzi, ndipo pomaliza ndinapempha Mulungu kuti ngati kumwamba kuli maphukusi, andisungire dera langa.